Zipewa Zitatu za Mzime

Kwawo ankamutchula Mzime, chifukwa pambuyo pake amayi ake sanaberekenso. Anaphunzira zamagetsi zaka zitatu pasukulu ya ntchito zamanja. M'kalasi mwawo munali anyamata ambirimbiri ndi atsikana awiri okha. Mnzakeyo anasiyira panjira chaka chachiwiri, choncho Mzime anamaliza yekha, ndipo pamayeso anaposa anyamata onse kupatula mmodzi.

Satifiketi yake inakhala mu envulopu chaka ndi miyezi isanu. Nthawi yonseyo ankakhala kwa achimwene ake, m'nyumba ya zipinda ziwiri: china cha achimwenewo ndi akazi awo, china cha ana awo atatu. Iye ankagona pabalaza, pakati pa tebulo ndi kabati ya mbale. Ankadzuka ena onse ali m'tulo, n'kupinda matiresi, n'kuwakankhira kuseri kwa sofa kuti pasaoneke kuti pagona munthu. Alamu ake sanali munthu woipa. Kungoti akamasesa, ankati akafika pa chikwama cha Mzime amaima kaye, kenako n'kuchinyamula, kusesa pansi pake, n'kuchibwezera pomwepo osanena kanthu. Kusanena kanthuko n'kumene kunkamulasa.

Anaitanidwa ku maintavyu kasanu ndi kamodzi. Mafunso a zamagetsi ankatha msanga, n'kubwera mafunso ena. "Muli pabanja?" "Nanga mukadzakhala ndi pakati, makwerero adzakwera ndani?" Kwina bambo wina anamugwira dzanja, n'kumalitembenuza ngati akusankha phwetekere pamsika, amvekere, "Timanja iti tingakoke waya?"

Kampani imene inamutenga inkaika mawaya m'nyumba zikuluzikulu, komanso inkakonza mapampu ndi majenereta. Abwana ake anali munthu wosalala pakamwa. Sanamufunse za banja, koma sanamufunsenso za magetsi. Anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Muyambe Lolemba. Miyezi itatu yoyeserera. Tikaona ntchito yanu tidzakulembani."

Lolembalo anapatsidwa ovolosi yatsopano, mizere yopindira ikuonekabe, ndi jombo zazikulu pang'ono. Asanadziwe n'komwe pamene zida zimasungidwa, kunabwera wojambula zithunzi. Anamuimika pa bokosi lalikulu la maswichi, chipewa cholimba chachikasu kumutu, mita kumanja.

"Koma bokosili mulibe moto," anatero Mzime. "Mita siwerenga kanthu."

"Palibe vuto, gwirani basi," anayankha wojambulayo. "Mwetulirani pang'ono."

Atatha anamuvula chipewa chachikasu, n'kumuveka choyera ndi magalasi otchinga maso. Kachitatu anamukweza pamakwerero, chipewa chabuluu kumutu, jekete lonyezimira pamwamba pa ovolosi, n'kumujambula chakumbuyo. Mzime sanafunse chifukwa chake. Mlendo safunsa zambiri tsiku loyamba. Anangopempha chithunzi chimodzi, chachikasu chija, n'kutumizira amayi ake pafoni. Madzulo amayiwo anaimba kuchokera kumene ankakhala, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Anati aonetsa mdadada wonse, ndipo foni yawo yatha moto chifukwa chongodutsa m'manja mwa anthu.

Lachiwiri m'mawa amisiri anakwera lole ya kampani. Analipo asanu ndi anayi, amuna okhaokha. Mzime anafika ndi bokosi lake la zida, n'kuponda tayala kuti akwere. Akapitawo, bambo wamimba yaikulu amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo, anamuimitsa ndi dzanja.

"Achemwali, kutsogoloku kwadzaza. Kumbuyoku n'kwa ife anthu afumbi. Inu tsalani kaye muzolowere malo."

Anyamata anaseka, lole inatuluka, mlonda n'kutseka geti. "Kaye" ameneyu anatha mlungu, kenako mwezi.

Wokeshopu inali shedi yaitali ya malata, yonunkha gilizi ndi mphira wopsa. Lole ikachoka munkakhala zii. Mzime ankasesa, kusanja mapulaya ndi masikuludalaiva pakhoma, kuyankha foni ikalira. Masana ankakhala pa dilamu ya waya n'kudya buledi wake yekha. Chimbudzi cha amisiri chinalibe chitseko, ankangotsamizapo lata. Cha mu ofesi chinali chokhoma, ndipo kiyi ankasunga asekeletale, amene kawirikawiri ankatumidwa kunja mpaka masana. Mzime anaphunzira kusamwa madzi m'mawa.

Munthu wina yekha amene ankatsala mu shedimo anali bambo wachikulire wosunga zipangizo. Onse ankangowatchula Asitolo. Dzanja lawo lamanja linali lofota kuyambira pachigongono, zala zitapindikira mkati. Kale anali mmisiri wodziwika, mpaka tsiku lina munthu anayatsa moto iwo manja ali m'bokosi. Kuyambira pamenepo anawaika m'kachipinda ka mawaya ndi mababu, kuseri kwa kawindo. Sankakonda kuyankhula. Milungu iwiri yoyamba, iwo ndi Mzime ankangopatsana moni wa m'mawa, basi.

Lachisanu lina Mzime anatengera ovolosi kunyumba kuti akachape. Alamu ake anaitambasula n'kuseka.

"Koma ntchito yanu ndi yaukhondo, alamu. Ovolosi ngati ya adokotala. Muchapa chiyani pamenepa?"

Sananene moipa, koma mawuwo anamukhala Mzime mumtima mlungu wonse. Lachisanu lotsatira, asanaweruke, anapita pachitini cha gilizi, n'kupaka pang'ono m'mawondo ndi pachifuwa. Potembenuka anaona Asitolo akumuyang'ana pakawindo. Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha. Iwo anangobweza maso pa wailesi yawo.

Lolemba m'mawa, lole itangotuluka, Asitolo anatuluka m'kachipinda kawo. Analoza ndi chibwano mulu wa mamota opsa umene unali pakona, wodikira ogula zitsulo.

"Ngati mukufuna kudetsa zovala, zodetsera zenizeni ndi izo."

Mzime anasankha mota ya pampu. Anaimasula, n'kuchotsa waya wamkuwa wopserera, akuwerenga mikombero yake imodziimodzi kuti adzakulunge watsopano chimodzimodzi. Asitolo ankaima pambali, dzanja lofota lili m'thumba.

"Mwalumpha umodzi. Bwerezani."

"Ndawerenga bwino, bambo."

"Bwerezani."

Anabwereza, n'kupeza kuti analumphadi. Ntchitoyo inatenga masiku asanu ndi anayi. Zala zake zinachekeka, vanishi n'kumatirira m'zikhadabo. Tsiku loyesa, mota inalira mosalala ngati mphaka wokhuta. Asitolo anaisiya kwa kanthawi, kenako anaikapo kuseri kwa dzanja lawo labwino.

"Sikutentha," anatero. "Yakhala."

Madzulo akapitawo anaipeza pabenchi. "Asitolo, ndi dzanja limodzi lomweli? Ndinu mfiti inu."

"Si ine. Ndi mwanayu."

"Aa, ndiye kuti anakugwirirani bwino tochi," anatero akapitawo. Anaitana anyamata awiri kuti aikweze mu lole.

Pa anyamatawo panali wina amene ankamutchula Fiyuzi, chifukwa sankachedwa kupsa. Tsiku lina anatsalira dala pampopi pamene Mzime ankasamba m'manja.

"Asisi, ine akapitawo amandimvera. Nditha kukunenerani kuti muzipita nafe. Koma nkhani zotere sitikambira pano. Loweruka muli kuti?"

"Loweruka ndimachapa."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, achimwene."

Kuyambira mawa lake Fiyuzi anasiya kumupatsa moni, ndipo anzake atatu anasiya naye limodzi.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto, Mzime anali mu ofesi kudikira kiyi wa kuchimbudzi. Patebulo la asekeletale panali kabuku konyezimira ka kampani. Anakatsegula pongofuna kutayitsa nthawi. Pakati pake panali zithunzi zitatu: mkazi wa chipewa chachikasu, mkazi wa chipewa choyera ndi magalasi, ndi mkazi wa chipewa chabuluu pamakwerero, atapereka msana. Pansi pake analembapo kuti awa ndi amisiri aakazi atatu a kampaniyi. Pa zithunzi zonse zitatu, dzanja lamanzere linali ndi kachipsera komweko ka pachala chachikulu, kamene anapsa ndi chowotcherera ali kusukulu.

Asekeletale analowa n'kumupeza akuyang'ana. "Mwadziona? Mwatuluka bwino. Mukudziwa kuti mwatithandiza? Eni nyumba yosanja imene tikuikamo mawaya ija ankafuna kampani yolemba akazi. Ntchito ija tinaipata chifukwa cha inu." Anamupatsa kiyi akumwetulira, ngati munthu amene wanena nkhani yabwino.

Patapita masiku anayi, abwana anamuitana. Anati mayi woyang'anira ntchito kuchokera kwa eni nyumbayo akubwera kudzayendera, ndiye Mzime apite nawo. Anamukweza m'galimoto yawo, mpando wakutsogolo. Nyumbayo inali ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, yopanda magalasi m'mawindo, paliponse simenti ndi mapaipi. Aka kanali koyamba kuti Mzime aione. Akapitawo anamuimika pafupi ndi bokosi la maswichi pansanjika yoyamba n'kumunong'oneza kuti asagwire kanthu.

Mayiwo anafika ndi fayilo kukhwapa. Anali wa msinkhu wa amayi ake, wa nkhope yotopa koma yachifundo. Atamuona Mzime anasiya abwana n'kubwera kwa iye.

"Ndinu uja wa m'buku. Nanga anzanu awiri ali kuti?"

Mzime anatsegula pakamwa, koma abwana anayankha msanga. "Wina ali patchuthi chauchembere, mayi. Winayo tamutumiza ku ntchito ina kunja kwa mzinda."

"Chabwino." Mayiwo anayang'ananso Mzime. "Nanga inu, akukusungani bwino? Ntchito mukuigwira yeniyeni?"

Abwana anali kumanja kwake, akapitawo kumanzere. Pamasitepe Fiyuzi anali ataima ndi waya paphewa, akumvetsera. Mzime anaganiza za miyezi khumi ndi isanu ndi iwiri ija, ndi za foni ya amayi ake ikudutsa m'manja mwa anthu.

"Bwinobwino, mayi," anatero.

Mayiwo anamugwira paphewa. "Mukutinyaditsa, mwanawe. Ndidzabweranso mudzandionetse zimene mwapanga."

Pobwerera abwana ankaimba kamluzu. Mzime anangoyang'ana pawindo njira yonse. Atafika ku wokeshopu anakakhala pa dilamu yake ya waya osavula chipewa. Patapita nthawi Asitolo anabwera n'kukhala pa bokosi pafupi naye. Iye anawafotokozera zonse, za kabuku ndi za bodza limene wanena.

Asitolo anayang'ana dzanja lawo lofota. "Ine anandijambulanso chaka chatha," anatero. "Anandiuza kuti ndipinde mkono wa malaya kuti dzanjali lioneke bwino."

"Ndiye munatani?"

"Ndinapinda."

Anakhala awiriwo mpaka lole inalira pageti, Asitolo n'kubwerera kuseri kwa kawindo kawo.

M'mawa mwake Mzime anagogoda pa ofesi ya abwana. Anagwira mpando koma sanakhale.

"Bwana, popeza m'kabuku muja tilimo atatu, ndimapempha kuti mmodzi mwa ife azipita nawo ku ntchito."

Abwana sanaseke. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Mukundiopseza?"

"Ayi, bwana, ndikupempha. Mayi aja anati adzabweranso kuti ndidzawaonetse zimene ndapanga. Ndilibe chodzawaonetsa."

Abwana anavalanso magalasi. Kenako anatumiza asekeletale kukaitana akapitawo, n'kuwauza kuti mtsikanayu ayambe kupita kunyumba yosanja lero lomwe.

Akapitawo sanatsutse pamaso pa abwana. Atafika kumaloko anatambasula pulani pa bonati ya lole, n'kuloza ndi pensulo.

"Mumafuna ntchito. Nsanjika yachisanu ndi chimodzi ndi yanu. Zipinda khumi ndi zinayi ndi khonde lake. Chikepe sichinayambe kuyenda, masitepe ndi awo."

"Ndigwira ndi ndani?"

"Si muli atatu?" anatero akapitawo. Anyamata anafa nalo phwete. Nkhani inali itawafika kale.

Ena onse ankagwira awiriawiri, wina kukankha waya m'paipi, wina kukoka mbali inayo. Mzime ankakankha, n'kuthamangira kuchipinda china kukakoka, waya ukakodwa n'kubwereranso. Mipukutu ya waya ankaisenza yekha pamasitepe, umodzi paphewa lililonse, akupumira pansanjika yachitatu. Masiku oyamba miyendo inkachita kunjenjemera pofika pamwamba, ndipo madzulo ankalephera kukweza manja kuti amasule tsitsi. Kumwambako kunalibe munthu wina. Mawu a anyamata ankakwera ndi masitepe, kuseka ndi kukangana za mpira, koma pofika kwa iye ankangomveka ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Masana ankakhala pawindo lopanda galasi, miyendo mkati, n'kumadya akuyang'ana madenga a mzinda ndi anthu ang'onoang'ono pamsewu. Nthawi zina ankazindikira kuti wakhala akuyankhula ndi waya, kuupempha kuti udutse pakona.

Mu lole ankakwera kumbuyo tsopano. Ngakhale mutadzaza bwanji, pambali pake pankatsala mpata ngati pali mphika wamoto. Tsiku lina anyamata anaweruka msanga osamuuza. Atatsika anapeza pabwalo pali mbee, mlonda wa pamalopo akutseka geti.

"Munali m'mwambamo? Anzanu anapita kalekale. Anati onse akwana."

Anayenda wapansi mpaka pokwerera basi, bokosi la zida likumumenya mwendo. Kunyumba anauza achimwene ake kuti anatsalira dala kuti amalize chipinda.

Komabe ntchitoyo ankaikonda, ndipo zimenezi zinkamudabwitsa. Ankakonda kuona mawaya atalowa m'bokosi mwadongosolo, ofiira kwawo, akuda kwawo, aliyense ndi kachizindikiro kake. Ankakonda kumanga soketi n'kuigwedeza, osagwedera. Pa maola amenewo sankaganiza za munthu aliyense.

Anamaliza patatha milungu isanu. Kunabwera woyesa mawaya, bambo wowonda wosaseka, n'kuyenda nsanjika zonse ndi mita yake. Yachiwiri anapezamo zolakwika zitatu. Yachinayi, ya Fiyuzi ndi mnzake, analamula kuti zipinda ziwiri azibwereze. Atafika yachisanu ndi chimodzi anatsegula bokosi, n'kuima. Anayesa soketi iliyonse, chipinda ndi chipinda, Mzime akumutsatira pambuyo mtima uli m'mwamba. Pomaliza anasaina pepala lake.

"Wagwira muno ndani?" anafunsa akapitawo.

"Anthu athu," anayankha akapitawo.

Woyesayo atatsika, akapitawo anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera. "Mawa muyambe yachisanu ndi chiwiri," anatero, osamuyang'ana kumaso. Mayi wa fayilo uja sanabwerenso. Mzime anamva kuti anasamutsidwira ku ntchito ina.

Kalata yomulemba ntchito anaipeza kwa asekeletale Lachisanu. Ataiwerenga anathamangira ku shedi. Milungu yonseyi lole inkanyamuka sitolo isanatsegulidwe n'kubwera itatsekedwa, choncho Mzime anali asanaonanenso ndi Asitolo. Anapeza kawindo kotseka, pachitseko pali loko watsopano. Anabwerera ku ofesi.

"Asitolo? Anawapumitsa mlungu wathawu," anatero asekeletale akutseka kompyuta. "Abwana akuti zipangizo azisunga akapitawo. Sanakuuzeni?"

"Amakhala kuti?"

"Kutali. Ndimangomva kuti amakwera mabasi awiri."

Anafunsa mlonda, anafunsa dalaivala wa lole. Munthu anagwira ntchito pamalopo zaka zoposa makumi awiri, koma panalibe amene ankadziwa khomo lake. Foni analibe. Mzime anaima pakati pa shedi, kalata ili m'manja, mpaka mlonda anamuuza kuti akufuna kutseka.

Mwezi wotsatira anapeza chipinda chakechake kuseri kwa nyumba ya munthu wina, pamzere wa zipinda zinayi za lendi. Achimwene ake anamunyamulira matiresi pamutu kuchokera pokwerera basi. Alamu ake anamupatsa mbale ziwiri, poto ndi nsalu ya pawindo, ndipo potsanzikana anagwetsa misozi, zimene Mzime sankayembekezera. Onse atapita, anakhala pamatiresi n'kumvetsera. M'chipindamo munalibe chilichonse chopanga phokoso. Kuseri kwa khoma banja lina linkadya, masipuni akulira m'mbale, mwana akuseka.

Lamlungu masana anachapa ovolosi n'kuiyanika pachingwe. Dzuwa likupendeka kunamveka kugogoda. Anali mayi wa chipinda chachiwiri, mwana kumsana.

"Pepani aneba, sitinadziwanebe. Ndaona ovolosi pachingwepo. Bambo alipo? Soketi yathu ikuthetheka, tikuopa kulumikiza ayironi."

"Ovolosiyo ndi yanga. Ndine wa zamagetsi. Dikirani nditenge tesitala."

Mayiyo anaseka pang'ono, n'kusuzumira m'chipindamo kudutsa paphewa la Mzime. Anaona matiresi, poto ndi bokosi la zida.

"Aa, ayi, musavutike. Tidikira alandilodi abwere ndi munthu wawo."

"Muzimitse kaye pa swichi yaikulu," anatero Mzime. "Musaisiye choncho, mwana angagwire."

"Zikomo, tamva."

Mayiyo anabwerera kwawo. Mzime anaima pakhomo kwa kanthawi, akumvetsera ngati swichi ilira. Inalira. Anakaanula ovolosi isanaume bwinobwino m'matumba, n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Kenako anathira madzi m'poto, n'kukhala pansi kudikira kuti awire.